Mafoni Amene Tsache Linasesa

Stanley anavala jekete tsiku limenelo, ku Salima, m'chipinda chomwe fani yake inafa kalekale. Kumunsi anali ndi kabudula ndi masilipasi, poti kamera ya laputopu imalekezera pachifuwa. Sumaiya anamuyang'ana kamodzi n'kupukusa mutu.

"Ukangodzuka pakati pa msonkhano, kampani yathera pomwepo," anatero.

"Sindidzuka. Iwe uzingomwetulira ine ndikamalankhula."

Awiriwa anadziwana ku yunivesite. Kampani yawo inali iwo awiri basi, tebulo limodzi, ndi kachipinda ka lendi kuseri kwa sitolo ya zitsulo ku Senga Bay. Chomwe ankapanga anachitcha Dengu. Munthu wamba sakanachiona kapena kuchigwira. Inali nkhokwe yosungira deta, yomwe anzawo olemba mapulogalamu ankaiika mkati mwa mapulogalamu awo. Imakhala m'foni, imasunga zonse ngakhale netiweki kulibe, ndipo foniyo ikangopeza intaneti imakambirana ndi seva n'kugwirizanitsa zomwe mbali iliyonse ikudziwa. Kunja kuli nkhokwe zamphamvu kuposa imeneyi, inde, koma zinapangidwa ndi anthu amene sanaimepo pachulu kusaka netiweki.

Kuti anthu akhulupirire kuti Dengu ndi lolimba, Sumaiya anamangapo kapulogalamu ka asodzi. Anabwereka makina okhala kunja kwa dziko n'kuwaphunzitsa mphepo za panyanja za zaka zambiri, mpaka makinawo anayamba kulosera tsiku limene mwera uwuke. Akaona zoopsa, uthenga wamba wa SMS, wosafuna intaneti, unkapita ku foni iliyonse yomwe ili m'Dengu. Tsiku labwino sikunkapita kanthu. Lamulo limeneli analiika Sumaiya yemwe, ndipo ankalinyadira. Ankati uthenga wobwera tsiku ndi tsiku anthu amasiya kuuwerenga, monga mmene tonse tinasiyira kuwerenga aja otiuza kuti tawina galimoto. Choncho asodzi, kuyambira ku Chipoka mpaka kwawo kwa Sumaiya ku Chikombe, anazolowera mfundo imodzi: foni ikakhala chete, nyanja ili bwino.

Amene anavuta kwambiri kukhulupirira anali mchimwene wake, Binali, mwini boti la injini ndi ukonde wa chilimira. Poyamba ankamuseka. "Chemwali, mphepo ndi ya Mulungu. Iwe unaiona liti m'kompyuta?" Koma chaka chatha uthenga unamugwira mwendo tsiku lina, anakhala kumtunda akung'ung'udza, ndipo anzake omwe anapita anabwerako opanda maukonde, ena opanda maboti. Kuyambira pamenepo Binali anasanduka mlaliki. Alovi ake onse, anyamata okoka ukonde aja, anawalembetsa mokakamiza, ndipo munthu akati thambo likuoneka mwina, iye ankangomenya thumba la malaya mmene munali foni.

Tsopano Binali anali ku Mbenje. Chilumbachi chikatsegulidwa mvula ikatha, amuna amapita kukakhala konko masabata ambiri, kupha utaka. Mkazi saponda, mowa sulowa, ndipo malamulo amenewa ndi akale kuposa asodzi onse amene amapitako. Intaneti nayo kumeneko kunalibe. Kunali thanthwe limodzi pamwamba pomwe uthenga wamba unkatha kulowa. M'mawa uliwonse ikatha swala, pemphero la Chisilamu lija, amuna ankakwera pathanthwepo, kukweza mafoni m'mwamba, kudikira pang'ono, kenako kutsika kukakankha maboti.

Chimene Stanley ankafuna kuonetsa pamsonkhano wa tsikulo chinali chida chatsopano chomwe analemba yekha, n'kuchitcha Tsache. Ndipo tisamunamizire, chinali chida chanzeru. Kuno anthu amasintha mafoni ngati malaya: ina yabedwa mu minibasi, ina yagwera m'madzi, ina mwana waitafuna. Mafoni akufa amenewa amatsalira m'nkhokwe n'kumailemetsa, seva kumadikira alendo oti sadzabweranso. Tsache linkayendera nkhokwe yonse, likapeza foni yomwe yatha mwezi osaoneka pa intaneti, n'kuichotsa. Analiyesa pa deta ya masitolo a ku Lilongwe, linagwira ntchito bwino kwambiri. Analiyatsa dzulo lake madzulo pa nkhokwe zawo zonse, kuti alendo adzaone Dengu lili lopepuka.

Mmawa umenewo makina analosera mwera waukulu, woti uyamba dzuwa likangopendeka. Uthenga unapita kusanache bwino. Sumaiya anauona pa foni yake akumwa tiyi, anati Alhamdulillah, achimwene lero agona pachilumba. Mumtima anakondwanso pang'ono, poti panalibe tsiku lina labwino kuposa limeneli loonetsera alendo kuti zinthu zawo zimapulumutsa anthu.

Alendowo anaonekera pa sikirini: mayi wina wa ku Nairobi wa magalasi aakulu, ndi bambo wa imvi yemwe ankangogwedeza mutu osanena kanthu. Anali anthu ofuna kuika chuma chawo m'makampani ang'onoang'ono ngati awa. Stanley anayamba m'Chingerezi chake chija cha pamisonkhano, chomwe amachitulutsira m'mphuno. Anafotokoza za Dengu, anafotokoza za Tsache, kenako anatsegula mapu a nyanja. Foni iliyonse yomwe inalandira chenjezo inali kadontho kobiriwira. Timadontho tinandandalika m'mbali mwa nyanja, kuthithikana pamadoko, kupatukana m'midzi.

"Onani kuyera kwake," anatero Stanley. "Dzulo mapu amenewa anali odzaza zinyalala. Lero kadontho kalikonse ndi munthu wamoyo."

Sumaiya ankamwetulira monga anauzidwira. Maso ake anatsata timadontho kukwera kumpoto, anafika pa Chikombe, n'kulumpha madzi kupita pachilumba, malo amene maso ake ankapita okha nthawi zonse akatsegula mapu amenewa. Pachilumba panalibe kadontho ngakhale kamodzi.

Anadziuza kuti mapu sanamalize kutseguka. Anadikira. Stanley anapitiriza kulankhula, mayi wa magalasi anafunsa funso, bambo wa imvi anagwedeza mutu. Chilumba chinakhalabe choyera.

Anakokera laputopu yake pamiyendo n'kulemba nambala ya Binali, nambala yomwe ankaidziwa ngati dzina lake. Nkhokwe inayankha msanga, mwaulemu, mopepuka monga Stanley analonjezera, kuti munthu wotere mulibe. Analemba ya mlovi wina wa Binali. Mulibe. Anatsegula pomwe Tsache limasiya mbiri ya zomwe lachita, ndipo anawapeza onse mmenemo, amuna onse a ku Mbenje, atasesedwa dzulo madzulo pamodzi ndi mafoni obedwa mu minibasi. Mantha anamugwira.

"Stanley, zimitsa maiki."

Stanley anamuponda phazi pansi pa tebulo, nkhope ikumwetulirabe kwa alendo.

"Ndati zimitsa maiki."

Anazimitsa. "Ukuchita chiyani iwe? Atsala pang'ono kuvomera."

"Tsache lasesa Mbenje."

"Lasesa mafoni akufa."

"Tinati foni yosaoneka pa intaneti mwezi wathunthu ndi yakufa. Ku Mbenje foni ionekera pati? Anthu aja apita chilumba chitangotsegulidwa."

Stanley anayang'ana mapu.

"Akwera pathanthwe m'mawa uno," anatero Sumaiya. "Sanapeze kanthu. Ndiwe msodzi, foni ili chete. Uchita chiyani?"

Stanley anadzuka. Alendo a ku Nairobi anaona kabudula uja bwinobwino, koma panalibe amene anaseka, ndipo iye anatseka laputopu osatsanzika.

"Unaliwerenga iwe Tsache limeneli," anatero Stanley. "Sindinaliyatse ndekha. Unavomereza."

"Ndinaliwerenga."

Zinali zoona. Pakampani pawo panali lamulo loti chilichonse chimene wina walemba, mnzake achiwerenge chisanayatsidwe. Sumaiya analiwerenga Tsache mzere ndi mzere, anakonzamo pena pomwe panali posokonekera, anamuyamikira Stanley kuti walemba mwaukhondo. Analiwerenga ngati wolemba mapulogalamu. Sanaliwerenge ngati mlongo wa Binali, ndipo tsiku limenelo chilumba sichinamubwerere m'mutu n'kamodzi komwe.

Kukangana kunalibe phindu. Nkhokwe inali ndi kope lake la dzulo masana, losungidwa pa seva ina, ndipo Stanley anakhala pansi n'kuyamba kulibweza. Kamzere kosonyeza mmene ntchito ikuyendera kanayamba kukwawa pa sikirini. Intaneti ya kuno imadziwa pamene munthu wapanikizika, ndipo m'pamene imayenda ngati nkhalamba yopita kumaliro a munthu wosamudziwa.

Sumaiya anatuluka panja n'kuimba foni ya Binali. Mawu aja a mayi wosatopa wa kampani ya mafoni anamuuza kuti nambalayo sikupezeka. Anaimba za alovi, mmodzi ndi mmodzi, mayi yemweyo. Kenako anaimbira Salma, mkazi wa Binali.

"Alamu, achimwene anaimba lero?"

"Aimbira pati kuchilumba kuja? Koma musade nkhawa, uthenga wanu uja tauona m'mawa. Lero sapita. Amayi anenanso kuti Mulungu akudalitseni, mtima wawo uli m'malo."

Sumaiya anaona kuti choonadi si chonenera pa foni. "Ndikubwera konko," anatero.

Kunja kunali bwino mochititsa mantha. Thambo linali loyera, masamba a mtengo wa mango pafupi ndi sitolo ali zii. Mwini sitolo ankakonza malata ake akuimba mluzu. Tsiku lake linali lenileni loti msodzi adzuke n'kunena kuti lero tipha. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo iye amene anadzipatsa ntchito yoimba ng'omayo anali ataisiya chete.

Kope litabwerera, anatumizanso chenjezo kwa onse osesedwa aja, ndipo anawonjezera mawu akeake: bwererani kumtunda kapena kuchilumba tsopano. Pa sikirini panatuluka mayina, lililonse lili ndi liwu limodzi pambali pake, lachikasu: ukudikira. Uthenga unali utatuluka, koma unalibe polowera. Pathanthwe paja panalibenso munthu nthawi imeneyo.

"Tiye ku Chikombe," anatero Sumaiya. "Tikapeze boti."

Anakwera njinga yamoto ya Stanley, laputopu ili m'chikwama kumsana. Ulendo wake ndi wautali. Atasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, Sumaiya anaona jumbo lakuda likudutsa msewu lokha, likugubuduzika kulowera kumpoto. Patsogolo pang'ono mayi wina wosenza nkhuni anagwira chitenje chake ndi dzanja limodzi. Migwalangwa inayamba kulira pamwamba. Stanley anawonjezera moto osauzidwa.

Padoko anapeza chimene chinamupweteka kuposa zonse. Maboti a kumtunda onse anali atakokedwera pamchenga, bwinobwino, mondondozana. Amuna anali pansi pa mtengo, ena akusoka maukonde, ena akusewera bawo. Atamuona anamulonjera mwachimwemwe.

"Mwana wa kwathu wafika. Makina ako sanama, taona yayamba kale."

"Pakanapanda iwe bwenzi tili pakati pa madzi pano."

Anawadutsa osayankha bwino, n'kupita kwa Che Sidiki, bambo wachikulire amene boti lake linkanyamula ufa ndi nkhuni kupita nazo kuchilumba. Anawapeza akumanga injini yawo ndi lona.

"Salamu aleikumu, bambo."

"Aleikumu salamu, mwana wa malemu mnzanga. Nkhope yatani?"

Anawafotokozera mwachidule. Za Tsache sanatchule, anangoti uthenga wa m'mawa ku Mbenje sunafike, ndipo amuna aja ayenera kuti alowa m'madzi. Che Sidiki anasiya chingwe chili m'manja.

"Onse?"

"Onse, bambo. Ndiperekezeni. Mwina ena sananyamuke, mwina ena ali pafupi tingawakuwire."

"Iwe ukudziwa kuti kuja sungaponde."

"Sinditsika m'boti."

"Boti likagunda mchenga wa chilumba uli momwemo, wafika. Ine sindinayambe ndachitapo zimenezo."

Lamulo limeneli Sumaiya anakula nalo ndipo silinkamuvuta. Ankaliona ngati la amuna okhaokha ndi nsomba zawo. Lero anadana nalo ndi mtima wake wonse.

"Ndipita ine," anatero Stanley. Anali akadali mu jekete, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Munthu wake anali wa ku Dedza, wosadziwa kusambira, amene ankachita chizungulire ngakhale pa mlatho. "Ndine mwamuna, ndipita ine. Vutoli ndalichititsa ndine."

Che Sidiki anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi, kenako anatembenukira kunyanja. Madzi anali atasintha kale mtundu. Kutali kunkaoneka timizere toyera, tochuluka, tikubwera.

"Ana inu," anatero mofatsa, "m'mawa mwanditumizira uthenga kuti ndisalowe m'madzi. Tsopano mwabwera ndi miyendo kudzandiuza kuti ndilowe. Ndimvere uti? Ndikanyamuka pano sindikafika, ndipo mukhala mukusaka maboti awiri m'malo mwa limodzi."

Anamaliza kumanga injini yawo. Sanakwiye, ndipo kusakwiya kwawoko kunatseka nkhani.

Nkhani yoipa siifuna netiweki. Bawo linasiyidwa pansi pa mtengo, ndipo posakhalitsa amayi anayamba kutsika kuchokera m'nyumba, ena ana ali kumsana, ena ufa uli m'manja. Salma anafika akuthamanga, mpango utasomphoka.

"Alamu, akuti chiyani anthuwa? Uthenga uja ndauona ndi maso anga."

"Kwa inu unafika. Kwa iwo sunafike."

"Chifukwa?"

Sumaiya akanayankha bwanji? Akanati foni ya amuna anu tinaiyesa yakufa? Anangoti, "Tinalakwitsa ife," ndipo Salma anakhala pansi pamchenga. Mayi wina kumbuyo ananena mokweza kuti kale amuna ankayang'ana kumwamba asanabwere ana a sukulu ndi mafoni awo. Panalibe amene anamuletsa.

Mwera unafika wonse. Mchenga unkaluma m'miyendo, mathandala oyanikapo nsomba ankagwedezeka, mafunde ankamenya gombe ndi mkokomo womveka m'chifuwa. Chilumba, chomwe tsiku labwino chimaoneka bwinobwino, chinabisika. Amuna ena analowa mumzikiti kukachita dua. Sumaiya anabisala kuseri kwa boti lina logadabuzidwa, anatsegula laputopu, n'kuilumikiza ku foni yake. Analibe china choti achite, ndipo manja ake sadziwa kukhala chabe. Mayina onse anali achikasu.

Kenako limodzi linasintha. Pambali pa dzina la munthu wina yemwe sankamudziwa panalembedwa kuti wafika, mobiriwira.

Stanley, amene anagwada pambali pake, ndiye anayamba kumvetsa. "Foni imeneyo yapeza netiweki. Ndiye kuti ili pathanthwe, kapena yayandikira kumtunda." Analoza dzinalo ndi chala. "Ndiye kuti siili pansi pa madzi."

Sumaiya anatchula dzinalo mokweza. Mtsikana wina woyembekezera anatuluka m'gulu, anagwira pakamwa, n'kuyamba kulira. Sipanapite nthawi, anyamata omwe anakwera pamwamba pa mulu wa mchenga analoza kumadzi. Boti linkaoneka n'kubisika, kuoneka n'kubisika, mpaka amuna analowa m'mafunde kukalikoka. Mwamuna wa mtsikana uja anali momwemo.

Kuyambira pamenepo amayi onse anamuzinga Sumaiya. Omwewo amene ankamutukwana ndi maso tsopano ankamugwira paphewa. Ndionereni a Kamal. Ndionereni mwana wanga, nambala yake yothera ndi seveni. Iye ankayang'ana n'kuyankha: ukudikira, mayi. Ukudikira. Wafika. Akati wafika, munthu ankachoka m'gulumo akuthokoza Mulungu, akati ukudikira, munthu ankangosuntha pang'ono n'kuimanso pomwepo. Chida chomwe anachipanga kuti chiziwerengera mauthenga chinasanduka chouza anthu amene ali moyo, ndipo iye sanakane udindowo, poti nayenso ankafuna kuukhulupirira.

Mayina ena anabiriwira popanda boti looneka, ndipo amuna anati amenewo ndi omwe athawira kuchilumba n'kukwera pathanthwe. Maboti ena awiri anafika, lina lopanda ukonde, lina injini itazima, akupalasa ndi matabwa. Aliyense wotsika ankafunsidwa za anzake, ndipo yankho linali limodzi: tinabalalika, aliyense anaona msana wa njira yake.

Dzina la Binali linakhalabe lachikasu. Salma sanafunse n'kamodzi komwe. Anangokhala pafupi, phewa lake litagunda la Sumaiya, maso ali pa mzere umodzi umenewo. Sankadziwa zambiri za kompyuta, koma mtundu wachikasu anaudziwa.

"Anadya asananyamuke kaya," anatero nthawi ina, osauza munthu.

Nthawi ya swala ya Asiri, ya chakumadzulo ija, itayandikira, mayina angapo anabiriwira nthawi imodzi, motsatizana, ngati wina wayatsa magetsi m'nyumba. Lachitatu kuchokera pamwamba linali la Binali.

Sumaiya anapukuta sikirini ndi mpango wake, kuopa kuti mwina ndi mchenga. Linali lobiriwira ndithu. Pansi pake panali mayina a alovi ake, onse obiriwira.

"Wafika," anatero. "Alamu, wafika. Boti lonse."

Anatchula mayina enawo mokweza, limodzi ndi limodzi, ndipo amayi awo ndi akazi awo anagwirana manja. Salma anaika chipumi pamchenga, anakhala choncho kanthawi, kenako anadzuka akupukuta misozi n'kumaseka.

"Ndikawauze amayi. Ndikatengenso zovala zouma, afika atanyowa ameneyo, ndipo chimfine sichimuchedwa."

Anathamanga kukwera kumudzi. Stanley anakhala pansi n'kubisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Sumaiya anadzazidwa ndi chimwemwe. Anaimba nambala ya Binali, ndipo ulendo uno mayi uja sanayankhe. Foni inaitana. Inaitana mpaka kuduka, koma ndani angayankhe foni akulimbana ndi mafunde otere? Anaimbanso, kungofuna kumva kuitanako.

Boti linatulukira chakumpoto kwa doko, lodzaza madzi, amuna awiri akukapa ndi zigubu zodula. Anthu anathamangira komweko, Sumaiya ali pakati pawo, foni ili kukhutu. Atayandikira anaona kuti mtundu wa botilo si wa la Binali. La Binali linali lobiriwira ndi mzere woyera. Ili linali lofiira. Anadziuza kuti mwina awatola panjira.

Anatsika amuna otopa, milomo itayera, osatha kuima bwino. Anawayang'ana nkhope mmodzi ndi mmodzi. Womaliza kutsika anali Mohamed, mnzake wa Binali wa kuubwana, amene nyumba yake inayang'anizana ndi ya amayi ake a Sumaiya. Pakhosi pake panalendewera jumbo lomangidwa kawiri ndi chingwe cha ukonde. M'jumbomo munkalira foni.

Sumaiya anachotsa foni yake kukhutu n'kuidula. Kulira kwa m'jumbo kunasiya.

"A Mohamed," anatero, "achimwene ali kuti?"

Mohamed anakhala pamphepete pa boti, akupuma movutika. Anamasula jumbo lija. Munali mafoni ambiri, ouma bwinobwino.

"Atipatsa m'mawa kuti tidzawatchajire, poti ife timabwera kumtunda lero tikatha kuponya ukonde, kudzagula mafuta. A Binali ndi anyamata awo onse. Akwera pathanthwe, atsika, atipatsa." Anatulutsa imodzi ya galasi losweka pakona n'kumupatsa. "Iyi ndi yawo."

"Iwo alowera kuti?"

"Kwakuya, chakuvuma. Amati utaka wathawira kumeneko."

"Pobwera simunawaone?"

"Chemwali, sitimaona ngakhale kutsogolo kwa boti lathu."

Sumaiya anayang'ana foniyo. Pagalasi panali uthenga wake, wosatsegulidwa, ndi mafoni ake omwe anaimba aja. Kumbuyo kwake amayi a alovi a Binali anali akubwera, akufunsana mosangalala ngati boti lotsatira ndi limenelo. Iwo anali asanaone jumbo.

Anakweza maso kuyang'ana njira yochokera kumudzi. Salma ankatsika, thaulo ndi malaya zili pamkono, fulasiki ya tiyi ili m'dzanja. Pambuyo pake pankabwera amayi awo a Sumaiya ndi Binali, pang'onopang'ono chifukwa cha mawondo, atagwira mpango kuti mphepo isauchotse, nkhope ili yowala. Salma atamuona anakweza fulasiki m'mwamba kumuonetsa.

Sumaiya anafumbata foni ya mchimwene wake, n'kuyamba kuyenda kukakumana nawo.